Momwe mungaperekere ntchito ya m'fakitale kwa kontilakitala woima payekha, pa pangano lolembedwa

Mikangano yambiri ya pakati pa mwini fakitale ndi kontilakitala imabuka ntchito itatha kale. Wowotcherera akuti wamaliza ndipo akufuna ndalama zake. Inu mukuti ayi, paipi ikudontha pomwe walumikiza. Iye akuti kuyesa paipi sikunali mu mtengo womwe munagwirizana. Mukatulutsa pepala lomwe munasainirana mukupeza mizere itatu yokha: dzina lake, ndalama, ndi mawu oti "kukonza mapaipi a boila". Pepala lotere silingathandize aliyense wa inu.

Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kupereka ntchito ya m'fakitale, mu wekishopu kapena pamalo omanga kwa mmisiri woima payekha: wowotcherera zitsulo, wamagetsi, makaniko wa makina akuluakulu, woika mapaipi, woyendetsa kireni yake. Gwirani mfundo imodzi kuyambira pachiyambi: kwa kontilakitala mukugula ntchito yomalizidwa. Maola ake ndi ake. Malipiro, kuyang'anira, ngakhale mawu omwe mumuuze m'mawa akafika pageti, zonse zitsatire mfundo imeneyi.

## Zomwe muyenera kukhala nazo musanaitane aliyense

- Mapulani a malowo kapena a makinawo, buku lochokera kwa amene anapanga makinawo, ndi nambala yolembedwa pa makinawo
- Zithunzi za malowo momwe alili lero, zokhala ndi tsiku
- Mndandanda wa zoopsa za pamalopo: magetsi, nthunzi, gasi, mankhwala, fumbi loyaka, malo okwera, mathanki olowamo munthu
- Mafomu atatu: chilolezo cha ntchito yoopsa, fomu yosinthira ntchito, ndi fomu yolandirira ntchito
- Maloko ndi zikwangwani zotsekera masuwichi ndi mavalavu
- Buku lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku pamalo a ntchito
- Munthu mmodzi wa mbali yanu amene aziyankhula ndi kontilakitala
- Loya kapena wina wodziwa malamulo a ntchito ndi a msonkho a dziko lanu, woti awerenge panganolo musanasaine

## 1. Onetsetsani kuti mukufunadi kontilakitala

Ili ndi gawo lomwe ambiri amalidumpha, koma ndi lomwe limadula kwambiri likalakwika. Kulemba pamwamba pa pepala kuti "uyu ndi kontilakitala woima payekha" sikumusandutsa kontilakitala. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linatulutsa m'chaka cha 2006 malangizo a nambala 198, omwe amati poweruza ngati munthu ndi wantchito kapena ayi, zoyang'ana ndi zomwe zikuchitikadi pa ntchitoyo ndi pa malipiro, kaya panganolo linamutcha dzina lanji. Makhothi a m'maiko ambiri amaganiza chimodzimodzi. Ku Britain m'chaka cha 2011, pa mlandu wa Autoclenz ndi Belcher, khothi lalikulu kwambiri la dzikolo, la Supreme, linaweruza kuti anthu otsuka magalimoto anali antchito a kampaniyo, ngakhale mapepala awo ankati ndi oima paokha komanso kuti angathe kutumiza wina m'malo mwawo. Oweruza anaona kuti zolembedwazo sizinali zomwe zinkachitika.

Dzifunseni mafunso awa ndipo muyankhe moona mtima. Ndani azisankha nthawi yoyamba ndi yowerukira? Ndani azinena kagwiridwe ka ntchitoyo? Zida ndi za ndani? Kodi munthuyu angatumize mmisiri wina wodziwa ntchito m'malo mwake? Ali ndi makasitomala ena, kapena ndalama zake zonse zimachokera kwa inu? Ntchito ikalakwika, ndani alowe m'thumba? Mumulipira mwezi ndi mwezi, kapena gawo la ntchito likatha?

Ngati mayankho ambiri akuloza kwa inu, munthu amene mukumufunayo ndi wantchito. Mulembeni ngati wantchito, ngakhale wa kanthawi kochepa.

Chenjezo: khothi likadzaweruza kuti kontilakitala wanu anali wantchito, mutha kulipira za tchuthi, za penshoni, msonkho womwe simunadule, ndi chipukuta misozi cha kumuchotsa ntchito, kuyambira tsiku lomwe anayamba.

## 2. Lembani ntchitoyo musanafunse mtengo

Khalani pansi ndi foromani kapena injiniya wanu mulembe zomwe zikufunika. Lembani zotsatira zomwe mukufuna kudzaziona ndi maso kapena kudzaziyeza ndi chida. "Kukonza pampu" sikunena kanthu. Lembani chonchi: kumasula pampu nambala yakuti, kusintha maberingi ndi masili, kuibwezera, kuiwongola ndi mota, ndi kuiyendetsa maola anayi osadontha, osatentha kuposa momwe buku la makinawo likunenera.

Kenako lembani zinthu zitatu zomwe anthu amaziiwala.

Choyamba, zomwe sizili mu ntchitoyi. Ngati kupenta, kuchotsa zinyalala kapena kubwezera zophimba mapaipi si zake, nenani.

Chachiwiri, amene abweretse chiyani: zitsulo, ndodo zowotcherera, gasi, nsanja zokwerera, kireni, magetsi, madzi, malo osungira zida usiku. Ngati akugula zipangizo ndi iyeyo, tchulani mtundu ndi mulingo wake, ndipo nenani kuti saloledwa kusintha popanda chilolezo chanu cholembedwa.

Chachitatu, momwe ntchitoyo idzayesedwere. Pa mapaipi onyamula zinthu zamphamvu, kawirikawiri amayesa ndi madzi pa mphamvu yoposa yomwe paipiyo inapangidwira kamodzi ndi theka, koma tsatirani muyezo womwe ukukhudza makina anuwo. Pa zowotcherera, nenani ngati zidzaonedwa ndi maso okha kapena ndi zida zoonera ming'alu ya mkati, ndipo ndani alipire woyesayo. Pa magetsi, nenani kuti mukufuna setifiketi ya mayeso yosainidwa ndi munthu wololedwa ndi boma.

## 3. Itanitsani makotesheni ndipo fufuzani munthuyo

Perekani pepala lomwelo kwa amisiri awiri kapena atatu, ndipo aliyense abwere adzaone malowo ndi maso. Kotesheni ya munthu amene sanafike pamalopo ndi yongoyerekeza. Mitengo ikabwera, musathamangire wotsika kwambiri. Mufunseni kuti wawerengera chiyani, chifukwa nthawi zambiri mupeza kuti wasiya kireni kapena mayeso, ndipo adzazitchula ntchito ili pakati, inu mulibenso pothawira.

Muone mapepala ake enieni, osakhutira ndi zithunzi za pafoni: chiphaso chake, setifiketi ya luso, laisensi ngati ntchitoyo imafuna laisensi, kalembera wa bizinesi, ndi nambala ya msonkho. Setifiketi ya wowotcherera muiwerenge bwinobwino. Ya muyezo wapadziko lonse wa ISO 9606-1, mwachitsanzo, imatchula njira yowotcherera, mtundu wa chitsulo, kukhuthala kwake ndi kaimidwe komwe munthuyo anayesedwa, ndipo imayenera kutsimikizidwa miyezi 6 iliyonse kuti akugwirabe ntchitoyo. Munthu amene anayesedwa pa chitsulo chafulati patebulo sanayesedwe pa paipi ya kudenga.

Imbirani anthu awiri omwe anawagwirirapo ntchito yofanana. Funso lothandiza kwambiri ndi lakuti: china chitalakwika, anabwerera kudzakonza?

## 4. Inshuwalansi ndi msonkho

Pemphani setifiketi ya inshuwalansi yoteteza anthu ena ndi katundu wawo, ndipo yang'anani zinthu zitatu: tsiku lothera, kuchuluka kwa ndalama zomwe ingalipire, ndi ntchito zomwe yapatula. Inshuwalansi zambiri zimapatula ntchito ya moto, monga kuwotcherera, kapena ya pamalo okwera, zomwe ndi ntchito zomwe mukumulemberazo. Ngati abwera ndi omuthandiza, akhale ndi inshuwalansi ya ngozi za antchito ake. Imbiraninso kampani yanu ya inshuwalansi muiuze kuti pabwera ntchito yowotcherera, chifukwa mapangano ena amafuna kuti muwadziwitse.

Pa msonkho, m'maiko ambiri wolipira amayenera kudula gawo la ndalama za kontilakitala n'kulipereka ku boma. Funsani kuti lamulo la kwanu likuti chiyani, ndipo lembani m'pangano kuti mtengowo ukuphatikiza msonkho kapena ayi. Musalipire popanda invoisi.

## 5. Gwirizanani mtengo ndi kalipiridwe

Ntchito yomwe mwaifotokoza bwino ikhale ya mtengo umodzi wokhazikika. Ntchito yoti kukula kwake kudzadziwika makina atamasulidwa, muigawe pawiri: mtengo wa kumasula ndi kulemba lipoti, kenako kotesheni ya kukonza. Ngati palibe njira ina koma kulipira pa tsiku, ikani malire a masiku omwe sangapyoledwe popanda siginecha yanu.

Malipiro amangidwe pa magawo a ntchito ooneka. Mwachitsanzo, 20 peresenti zipangizo zikafika pamalo anu, 30 peresenti zitsulo zikaimikidwa, 40 peresenti mayeso akatheka, ndi 10 peresenti yotsala nthawi ya chitsimikizo ikatha. Ndalama zosungidwazi kawirikawiri zimakhala pakati pa 5 ndi 10 peresenti, ndipo nthawi ya chitsimikizo, yomwe kontilakitala amayenera kubwera kudzakonza zolakwika za ntchito yake, imakhala miyezi 6 mpaka 12.

Chenjezo: dipoziti yaikulu ndi pomwe ambiri amalirira. Mmisiri woima payekha nthawi zina alibedi ndalama zogulira zipangizo, ndipo zimenezo si bodza. Koma njira yake ndi kulipira nokha kwa wogulitsa zipangizozo, zifikire pamalo anu, ndipo pangano linene kuti ndi zanu. Kusiya theka la mtengo m'manja mwa munthu ntchito isanayambe kuli ngati kutungira madzi m'dengu.

Mbali inayo ndi yanu. Lembani kuti mudzalipira pasanathe masiku angati invoisi ikafika, ndipo musungedi tsikulo. Munthu woima payekha alibe malipiro a kumapeto kwa mwezi. Mukamuchedwetsa, apita kukagwira kwina kuti apeze ndalama, ndipo ntchito yanu iima.

## 6. Lembani panganolo

Simufunika kuyambira pa pepala loyera. Pa ntchito zomanga ndi za mainjiniya pali mapangano okonzedwa kale, monga lalifupi la FIDIC, bungwe la mainjiniya alangizi padziko lonse, lomwe linatuluka koyamba mu 1999 lokhudza ntchito zing'onozing'ono. Pa ntchito ya mmisiri mmodzi ngakhale limenelo lingakhale lalikulu, ndipo masamba atatu kapena anayi omveka bwino akwanira. M'panganomo musalowe mawu omwe inu nomwe simukuwamvetsa. Mukhale izi:

- Maina enieni a mbali zonse ziwiri, maadiresi ndi manambala a kalembera
- Kufotokoza kwa ntchito kwa pa gawo 2, komangiriridwa ku panganolo pamodzi ndi mapulani
- Tsiku loyamba, tsiku lomaliza, ndi zifukwa zomwe zingawonjezere nthawi, kuphatikizapo kuchedwa kochokera kwa inu
- Mtengo, magawo a malipiro, ndalama zosungidwa ndi msonkho
- Kuti kontilakitala akudzisankhira kagwiridwe ka ntchito, akugwiritsa zida zake, ndipo ndi womasuka kugwirira anthu ena
- Ngati angabweretse omuthandiza kapena kutumiza wina, ndi kuti malipiro awo ali kwa iye
- Malamulo a chitetezo ndi mphamvu yanu yoimitsa ntchito yoopsa
- Njira yosinthira ntchito
- Chitsimikizo: akonza zolakwika pasanathe masiku angati, ndipo akapanda kubwera mudzaitana wina ndi ndalama zosungidwa
- Kusunga chinsinsi, ndi kuti mapulani omwe ajambule ndi a ndani
- Momwe pangano lingathetsedwere, ndi momwe ntchito yogwiridwa kale idzawerengedwere
- Njira yothetsera mkangano: kukambirana, kenako mkhalapakati, kenako khothi

Mungaikenso ndalama zodulidwa pa tsiku lililonse lochedwa, zokhala ndi malire, omwe ambiri amawaika pa 10 peresenti ya mtengo wonse. Zikhale zogwirizana ndi zomwe mungaluzedi fakitale ikaima. Makhothi ambiri amakana chilango chongofuna kuopseza.

Mupatseni nthawi yoti akawerenge payekha. Musaine nonse, muike zilembo zoyamba za maina anu pa tsamba lililonse, ndipo aliyense atenge kope yake ntchito isanayambe.

## 7. Chitetezo: apa pangano silikuchotserani udindo

Munthu akhale woima payekha bwanji, malowo ndi anu, ndipo zoopsa zake mukuzidziwa ndinu. Iye sakudziwa kuti paipi ya kuseri imanyamula nthunzi, kapena kuti makina aja amadziyatsa okha thanki ikadzaza. Muyezo wa ISO 45001 wa 2018, wokhudza chitetezo pa ntchito, umafuna kuti kampani igwirizane ndi makontilakitala ake pa kuzindikira zoopsa, zochokera kwa iwo komanso zochokera kwa kampaniyo.

Pa 6 July 1988, nsanja yokumbira mafuta ya Piper Alpha pa nyanja ya North Sea, kufupi ndi Scotland, inaphulika, ndipo anthu 167 anafa. Masana a tsikulo amisiri a kampani yolembedwa kontilakiti anachotsa valavu yotetezera pampu ina kuti akaiyese, ndipo ntchitoyo sinathe. Usiku pampu inzake itazima, a shifiti ya usiku anayatsa pampu ija osadziwa kuti ilibe valavu. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi woweruza Lord Cullen anapeza kuti ndondomeko ya zilolezo za ntchito ndi kupatsirana mashifiti zinali zofooka. Mapepala analipo. Sanafike m'manja mwa munthu woyatsa pampu.

Choncho chitani izi:

Pemphani kontilakitala alembe momwe agwirire ntchitoyo ndi zoopsa zomwe akuziona, muwerenge limodzi. Kagwiridwe ndi kake, koma muli ndi ufulu wokana njira yoika anthu pangozi.

Tsiku loyamba muyende naye: pothawira, pozimitsira magetsi, pomwe pali zozimitsira moto, malo osaloledwa kulowa, ndi munthu woimbira pakachitika ngozi. Asaine kuti wauzidwa.

Musanakhudze makina, dulani mphamvu zonse. Magetsi okha sakwanira: pali mpweya wopanikizidwa, mafuta a hayidiroliki, nthunzi, masipuling'i, ndi katundu wolendewera. Kontilakitala aike loko yakeyake pa suwichi n'kusunga kiyi m'thumba mwake. Kenako yesani kuyatsa makinawo kuti muone kuti sakuyakadi.

Ntchito ya moto, ya m'thanki ndi ya pamalo okwera isayambe popanda chilolezo cholembedwa cha tsikulo. M'thanki muyezedwe mpweya munthu asanalowe: mpweya wabwinobwino uli ndi okosijeni pafupifupi 21 peresenti, ndipo ikatsika pansi pa 19.5 peresenti asalowe aliyense. Panja pakhale munthu wolondera nthawi yonse. Akamaliza kuwotcherera, wina atsale akuyang'anira malowo kwa mphindi zosachepera 30, ndipo ambiri masiku ano amati ola lathunthu, popeza moto wa zothetheka umanyeka mobisa.

Ntchito ikadutsa pa kusintha kwa shifiti, wolowa ndi wotuluka akumane pa makinawo, chilolezo chili m'manja.

## 8. Yang'anirani ntchito, musamulamulire munthu

Munthu mmodzi yekha wa mbali yanu ndi amene azipereka mawu. Mafakitale ambiri amasokonezeka apa: foromani wa masana akuti chita chonchi, wa usiku akuti ayi, bwana akudutsa akuwonjezera kena. Lembani m'buku tsiku lililonse amene anabwera, zomwe zachitika, zomwe zachedwetsa, ndipo jambulani zithunzi, makamaka za zinthu zomwe zidzaphimbidwe.

Mungamuuze nthawi yomwe geti limatsegulidwa ndi nthawi yomwe makina angazimitsidwe. Musamulembe pa ndandanda ya mashifiti, musamupatse yunifolomu ya kampani, ndipo musamutume ntchito zina chifukwa choti mwamuona wakhala. Zonsezi zimaphwanya zomwe munasankha pa gawo 1.

## 9. Kusintha kulikonse kulembedwe

Makina akamasulidwa pamapezeka zomwe simunaziganizire. Shafuti yadyeka, chitsulo cha pansi chachita dzimbiri. Imitsani gawo limenelo, tengani fomu, lembani chosinthacho, ndalama zowonjezera ndi masiku owonjezera, musaine nonse, ndiye ntchito ipitirire. Ngati ndi zachangu usiku, uthenga wa pafoni wonena zinthu zitatuzi ugwire kaye, fomu isainidwe m'mawa.

Chenjezo: mawu oti "ingochitani, tidzaona pa mapeto" aletsedwe pamalo anu. Pa mapeto aliyense amakumbukira mtengo wake.

## 10. Landirani ntchito ndi kutseka

Mayeso achitike inu mulipo, monga momwe munalembera. Lembani mndandanda wa zotsala ndi tsiku lomalizira chilichonse. Landirani masetifiketi a mayeso, mapulani osonyeza momwe zinthu zaikidwira, malisiti ndi zitsimikizo za zipangizo, makiyi ndi ziphaso zolowera. Zilolezo zonse zitsekedwe, maloko achotsedwe ndi eni ake, zophimba makina zibwezeredwe. Kenako sainani fomu yolandirira ntchito, chifukwa tsiku limenelo ndi pomwe nthawi ya chitsimikizo ikuyambira. Lembani pa kalendala tsiku lobwezera ndalama zosungidwa, ndipo likafika popanda vuto, lipirani osadikira kuti akukumbutseni.

## Zolakwa zomwe zimabwerezedwabwerezedwa

Kuyamba ntchito pangano lisanasainidwe. Makina afa, aliyense ali pa liwiro, pepala "libwera mawa". Ngati ndi zadzidzidzi, tsamba limodzi lolembedwa pamanja lonena ntchito, mtengo, malire a ndalama ndi malamulo a chitetezo lisainidwe asanatulutse sipanala.

Kuwonjezera pangano chaka ndi chaka. Mmisiri anabwera kudzakonza makina amodzi, tsopano wakhala zaka zitatu, ali ndi kabati yake mu wekishopu ndipo amapempha tchuthi kwa foromani. Pepala likadali lomwe lija, koma ubale unasintha kale. Ntchito iliyonse yatsopano ikhale ndi pangano lake, ndipo ikakhala ya tsiku ndi tsiku bwererani ku mafunso a pa gawo 1.

Kumubwereka zida mwachisawawa. Makwerero anu akathyoka ali pamwamba, mlandu ubwera kwa inu. Ngati kubwereka sikungapeweke, chidacho chiyesedwe ndipo chilembedwe.

Kusafunsa za omuthandiza. Munafufuza setifiketi ya mmisiri, koma wowotcherera weniweni ndi mnyamata amene wabwera naye. Aliyense wolowa pageti alembedwe, auzidwe za chitetezo, ndipo wogwira ntchito yofuna setifiketi aonetse yake.

Kuyamba kugwiritsa ntchito makina musanasaine zolandira. Akadzawonongeka sabata yotsatira, kontilakitala adzati anawononga ndi anthu anu, ndipo mudzasowa umboni wa momwe makinawo analili tsiku lomwe anawasiya.

Kuthamangitsa munthu mwaukali osatsata pangano. Ngati pangano likuti mumupatse kalata ndi masiku 7 oti akonze, mupatseni kalatayo ndi masikuwo. Mukamutsekera geti lero, wophwanya pangano mukhala inuyo, ngakhale ntchito yake inalidi yoipa. Musanaitane mmisiri wina, jambulani ndi kuyeza zonse zomwe woyambayo wagwira, iye alipo ngati n'kotheka, ndipo zida zake mumubwezere.